Stefano ndi Katuni Yopanda Mawu

Mukafika pa Mkanda tsiku la msika n'kumva munthu akukuwa kuseri kwa golosale ya a Abbasi, musathamange, palibe akumenyedwa. Ndi Stefano Chikuse ameneyo, ali pa ntchito yake yomasulira mafilimu. Amayankhulira Mtchaina, amayankhulira Mmwenye, ngakhale galu amamuyankhulira akaona kuti galuyo ali ndi maganizo. Koma mukalowa n'kukhala mpaka kumapeto mudzaona chinthu chimene chimapsetsa anthu mtima. Filimu ikatsala pang'ono kutha, Stefano amazimitsa maiki, n'kuiika pantchafu, n'kungokhala duu. Anyamata amatukwana, ena amamenya mabenchi, iye osacheuka n'komwe. Amene amati ndi ulesi sakumudziwa munthuyu, chifukwa kale sanali wotero.

Anabadwira kwa Chiosya mu 1978, mwana wachisanu m'banja la olima fodya. Sukulu analekezera Folomu 2, ndipo sikuti mutu unali wouma ayi, pakamwa ndi pamene panamuchotsetsa. Anamugwira akuyeseza mayankhulidwe a ahedi, ahediwo ataima kumbuyo kwake. Atachoka apo anasankhako fodya pa esiteti ina, kenako anazembetsako shuga pa njinga kudzera njira zam'tchire zopita ku Zambia, mpaka tsiku limene anamulanda njinga ndi shuga yemwe. Zomasulira anaziyambira kutchalitchi. Kunabwera mlaliki wolalikira m'Chingerezi, Stefano n'kudzipereka kuti amuthandize. Mlaliki akanena mawu atatu, iye ankanena makumi awiri. Anthu analira, analapa, mlaliki uja n'kumangodabwa kuti Chichewa n'chachitali chonchi bwanji. Akuluampingo atatulukira anamukhazika pansi, koma iye anali atadziwa kale ntchito imene anabadwira.

Vidiyo yake anatsegula mu 2009, m'chipinda chimene kale a Abbasi ankasungiramo mtedza. Muli mabenchi asanu ndi awiri, tivi, sipika yong'ambika, ndi batire yotchajidwa ndi sola. Mazenera anawamata ndi mapepala akuda apulasitiki, moti masanasana mkatimo simungaone dzanja lanu. Pakhomo pamakhala mkazi wake Agnes ndi beseni la zitumbuwa, ndipo nkhani zonse za pa Mkanda zimayamba zadutsa m'makutu mwa mayi ameneyu zisanapite kwina.

Kagwiridwe kake ka ntchito kanali kotere. Filimu sankaionera payekha asanaionetse anthu, ankati filimu yoonera kale ndi mkute. Chitchaina sadziwa, Chimwenye sadziwa, Chingerezi chake ndi chija cha Folomu 2 chija. Iye ankangoyang'ana nkhope ya munthu pa tivi n'kudziwa chimene mtima wake ukufuna, ndipo pamenepa ndiye pamene ankadzitamira. Aliyense wa m'filimu ankamupatsa dzina lakwathu ndi mavuto akwathu. Mtchaina wouluka ndi lupanga pamwamba pa madenga ankasanduka Wilson amene akuthawa apongozi. Filimu ikatha mosokonekera, Stefano ankaimangirira yekha: "Anakwatirana, anabereka ana asanu, wakuba uja anafera kundende. Tulukani bwino, musaponde zitumbuwa!" Anthu ankapita kwawo mitima ili m'malo.

Ndiye panali Lachitatu lina la mu February, mu 2022. Mnzake wina woyendetsa lole anamubweretsera fulashi kuchokera ku Chipata, yodzaza mafilimu. Cha m'ma wani koloko kunagwa chimvula chija chimene chimabalalitsa msika, ndipo anthu anathawira mu vidiyo, ngakhale amayi amene sanalowemo chibadwire. Stefano ataona kuti mwadzaza amayi ndi ana, anati nkhondo ayi lero, tione katuni. Anasankha imodzi yopanda dzina, inangolembedwa manambala.

Abale, katuni imeneyo! Sinali ya tinyama toseketsa tija ayi. Inali yojambula ngati ndi makala, yotuwa, ndipo munalibe woyankhula ngakhale mmodzi. Poyamba panaoneka nyumba ili yokhayokha, mayi akuyanika zovala pachingwe, ndi mwamuna wowonda akumangirira chikwama pa njinga. Stefano anayatsa maiki.

"Uyu ndi Rodrick," anatero. "Wasiya mkazi, mbuzi ziwiri, ndi mayi ake odwala mwendo. Akuti akukasaka ganyu kunja, abwera posachedwa. Onse amatero!"

Anthu anaseka. Kumbuyo kwenikweni wina anati "Mayo!" motsitsa, koma mvula inali ikusokosera pamalata ndipo Stefano sanalabadire.

Mwamuna uja anapalasa mpaka anafika pa geti lalitali pakati pa chipululu. Alonda a pamenepo analibe nkhope. Sanamufunse chiphaso, anangowerama n'kumatula chithunzithunzi chake pansi ngati akusenda chikopa, n'kukachipachika m'chishedi chachitali momwe munali zithunzithunzi zina zambirimbiri, zitalendewera mizeremizere ngati fodya m'chigafa. Mwamunayo analowa m'dziko lija alibe chithunzithunzi. Kumeneko ntchito yake inali yotunga madzi m'dengu n'kumakwera nawo phiri. Akafika pamwamba dengu lili gwaa, n'kutsikanso. Ulendo uliwonse mizere yomujambulira inkafufutika pang'ono, mpaka munthu ankaonera phiri kudzera m'chifuwa chake. Stefano anayesa nthabwala ziwiri zitatu, koma palibe anaseka.

Kumapeto kunabwera mphepo, chithunzithunzi chimodzi n'kugwa m'chishedi muja. Kuyambira apo katuni inangoonetsa pansi pokhapokha. Chithunzithunzi cha munthu wokankha njinga chikuyenda pamsewu, kudutsa pamiyala, kudutsa pamadzi, koma mwini wake osaoneka, ngakhale phazi. Kunkangomveka kaphokoso, tye, tye, tye. Chinafika pakhomo la nyumba ija n'kuima. Chitseko chinatseguka. Mayi uja anayang'ana pansi, anachiona, kenako anayamba kudzutsa mutu pang'onopang'ono. Nkhope yake inadzaza tivi yonse: timadontho tiwiri ta maso ndi kamzere ka pakamwa, osaseka, osalira. Basi tivi inangoti mbee.

Onse anatembenukira kwa Stefano kuti amangirire. Koma iye anangoti, "Mvula yakata, tulukani." Anthu anatuluka akung'ung'udza. Stefano atatsegula chitseko chonse kuti mulowe kuwala, anaona kuti pabenchi lomaliza patsala amayi awiri.

Wamkuluyo, wojintcha, anali akulira poyera. Winayo anali wazaka ngati makumi atatu, wochepa thupi, atafumbata kaphukusi pamiyendo. Ameneyu ndi amene anayamba kuyankhula.

"Bambo, ine si mwana, ndikudziwa kuti izi n'zojambula. Koma dzina lija munalitenga kuti?"

"Dzina liti, mayi?"

"Rodrick."

"Aaa, limenelo langobwera. Maina amangondibwerera pakamwa."

"Nanga mbuzi ziwiri? Nanga mwendo wa amayi?" anafunsa wamkulu uja akupukuta misozi ndi chitenje. "M'filimumo munalibe mbuzi, munalibe nkhalamba. Inu munaziona kuti?"

Kenako anafotokoza. Iye anali Stelia, ndipo mnzakeyo anali Keziya, mlamu wake, mkazi wa Rodrick, mchimwene wake wa Steliayo. Rodrick anachoka pa njinga mu 2016 kukasaka ntchito m'mafamu a ku Zambia. Anaimbako foni kangapo, ena n'kumati anapitirira ku Joni, ndipo chiyambire 2018 kunali zii. Anafunsa kwa obwera, anafunsa kumipingo, palibe anamuona wamoyo kapena wakufa. Tsopano amalume ake a Rodrick anali atagwirizana kuti Loweruka likudzalo aike maliro. Munthu akasowa chonchi, thupi osapezeka, amadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga mu nsalu, n'kuliika m'manda m'malo mwake. Akatero mkazi amamusudzula, amabwerera kwawo ali mfulu. Mayi ake a Rodrick okha ndi amene ankakana, koma anali atawagonjetsa. Kaphukusi kamene Keziya anafumbata kanali nsalu yoyera yokulungira nthochiyo, anali atangoigula kumene kwa a Abbasi.

Kunena zoona, ndi mudzi uti kuno kumalire umene ulibe mwamuna amene anapita osabwerera? Ndi khomo liti lopanda mbuzi ziwiri ndi nkhalamba yodandaula mwendo? Stefano akanatha kunena zimenezi. Koma kunyada ndi matenda, abale. Anaona mmene Stelia ankamuyang'anira, ngati akuyang'ana mneneri, ndipo mumtima munakoma.

"Bwezani kumapeto kuja," anatero Stelia.

Anabweza. Chithunzithunzi pamsewu, tye tye tye, chitseko, nkhope, mbee. Anabwezanso kachiwiri, kachitatu. Mabenchi onse anali opanda anthu, madzi akudontha pakona ya denga.

"Tiuzeni, bambo," anatero Keziya, maso ali pa tivi. "Chabwera chokha, kapena chabwera ndi mwini wake?"

Stefano anamuyang'ana nkhope monga ankayang'anira nkhope za m'mafilimu. Anaona milomo youma, zala zikufinya kaphukusi kaja, n'kudziuza kuti uyu ndi mkazi amene mtima wake ukulira mwamuna. Anamumvera chisoni ndithu, chenicheni. Ndiye anakhosomola n'kuyankhula ndi mawu ake aja a pa maiki.

"Wabwera, mayi. Tamverani kaphokosoko, ndi njinga ikamayenda munthu akuikankha. Chithunzithunzi chingakankhe njinga? Komanso taonani pamene mayiyo waimitsa maso, ndi pa msinkhu wa nkhope ya munthu. Mwini wake waima pakhomopo, wojambulayo wangotibisira. Rodrick ali moyo."

Stelia anagwada pasimenti, manja m'mwamba, n'kuyamba kuthokoza Mulungu mokuwa. Keziya anangoti, "Zikomo, bambo," anadzuka ngati munthu wodwala msana, n'kutuluka. Madzulo ake Stefano anauza Agnes kuti lero wachita ntchito ya Mulungu.

Koma katuni ija sinamusiye. Iye amene sankaonera filimu kawiri anayamba kumadzitsekera mu vidiyo m'mawa anthu asanabwere, n'kumabweza kumapeto kuja. Tsiku lina kaphokoso kaja kankamveka njinga ndithu. Mawa lake kankamveka madzi akudontha kuchokera ku zovala zapachingwe. Anaimitsa chithunzi pankhope ya mayi uja, anayandikira mpaka mphuno kugunda galasi. Timadontho tiwiri ndi kamzere, basi. Nthawi zina ankaona ngati mayiyo akuyang'ana munthu, nthawi zina ngati akuyang'ana msewu wopanda kanthu. M'mawa wina anaona ngati akuyang'ana iyeyo, ndipo anazimitsa tivi n'kutuluka panja kukaima padzuwa.

Patatha masabata awiri Agnes anamuitana pakhomo, beseni lili pamiyendo.

"Bambo, ntchito ya Mulungu ija mwaimva mmene yathera?"

Maliro aja sanachitike. Stelia atafika kumudzi anauza aliyense kuti kwabwera uthenga kuchokera ku Zambia, ndipo munthu wa pa Mkanda amene sanamuonepo Rodrick watchula dzina lake, mbuzi zake, ndi mwendo wa mayi ake, n'kunena kuti ali m'njira. Nkhalamba ija inakwawa mpaka pabwalo n'kunena kuti amene akufuna kukwirira mwana wake wamoyo ayambe wakwirira iyo. Amalume anachita mantha. Ndani angafune kutchedwa mfiti yoika m'manda munthu amene akupuma? Nkhani inathera pomwepo.

"Si zabwino zimenezo?" anafunsa Stefano.

"Zabwino kwa ndani? Kwawo kwa Keziya kuli bambo wina, a Dickson, kalipentala, akazi awo anamwalira. Akhala akumudikira mtsikana uja zaka ziwiri, mwaulemu, ankhoswe akudziwa mbali zonse. Amangodikira Loweruka lija. Pano ndi mkazi wa munthu wamoyo, angamusudzule ndani? Zaka zisanu ndi chimodzi akusamala apongozi pamudzi pa eni, alibe ndi mwana yemwe. Inu mumati mumawerenga nkhope, bambo. Imene ija munaiwerenga chozondoka."

Stefano sanadye tsiku limenelo. Lamulungu atatuluka m'tchalitchi anabwereka njinga n'kupalasa maola awiri m'matope, akufunsa njira, mpaka anafika pamudzi paja dzuwa lili paliwombo. Anatsimikiza mtima kuti akanena zoona pamaso pa onse, ngakhale amugende.

Pamudzipo panali zii, anthu anali asanabwere kumapemphero. Pafupi ndi nkhokwe panagona thunthu la nthochi lija, lalitali ngati munthu, lodulidwa bwino mbali zonse. Palibe analimba mtima kulitaya. Linali litayamba kuda, koma pakati pake panali patatuluka kamphukira koyera, kotalika ngati chala. Keziya anali kuseri kwa nyumba akuchapa, ndipo pachingwe panali malaya aamuna atatu ndi buluku, zakalekale, zodyeka ndi njenjete m'makolala.

"Amayi akuti zizikhala zochapa, angadzapeze zikununkha chinyezi," anatero Keziya osadikira kufunsidwa. Anamupatsa mpando, iye n'kukhala pansi chapatali.

Stefano anavula chipewa. "Mayi, ndabwera kudzapepesa. Ine sindiona zobisika. Dzina lija linangobwera, mbuzi zija ndinangopeka. Katuni ija ndaibweza kosawerengeka, ndipo sindikudziwa ngati munthu uja anabwera kapena ayi. Sindikudziwa."

"Ndimadziwa kuti simukudziwa," anatero Keziya. Sanakweze mawu. "Mungadziwe bwanji? Ndinakufunsani dala pamaso pa alamu anga kuti munene mawu omwe mwanena panowa. Akanamva okha kuti n'zojambula basi, tikanabwera ndi nsalu yathu, Loweruka likanadutsa. Mawu amodzi okhawo, bambo. Ine sindinafune kuti munene kuti anafa. Ndinali naye bwino Rodrick, sindimufunira imfa. Koma ndatopa."

Apa misozi inatsika, iye osaipukuta.

"Ndikonza, mayi. Ndiwauza amalume, ndiwauza onse."

"Amalume sangayambenso pokhapokha amayi atavomera. Ali m'nyumbamo. Lowani mukawauze zimene mwandiuzazi."

M'nyumbamo munali mdima ndi fungo la mankhwala opaka. Pakhomo la kuchipinda china panalendewera nsalu yoyera yatsopano, ataisandutsa katani. Nkhalambayo inali pamphasa, mwendo wotupa utatambasulidwa, maso otuwa ndi ng'ala. Keziya anaima pakhomo kumbuyo kwa Stefano n'kunena kuti, "Amayi, kwabwera bambo aja a pa Mkanda."

"A uthenga aja?" Mayiyo anatambasula manja onse awiri m'malere mpaka anapeza dzanja la Stefano, n'kuligwira zolimba. Zala zawo zinali zozizira. "Mwana wanga, khalani pompa. Anthu onsewa amafuna kundikwiririra mwana ndili moyo. Ndinasiya kudya ine, ndinati nditsogole ndine. Inu ndi amene mwandidyetsa nsima. Taonani, ndayambanso kuyenda ndi ndodo mpaka pakhonde."

"Mayi," anayamba Stefano, "nkhani imene ndabwerera..."

"Eya, nenani. Pachithunzipo anali wowonda, eti? Amadya movutikira uja kuyambira ali mwana. Musandibisire, ine ndine mayi wake." Anamukoka dzanja n'kuliika pachifuwa pawo, ndipo Stefano anamva mtima ukugunda pansi pa nthiti zoonekera. "Ndingofuna mundiuze chimodzi chokha, kuti ndidziwe masiku oti ndilimbe. Afika mvula isanathe, kapena tikakolola?"

Stefano anacheuka. Keziya anali chiimire pakhomo, manja onyowa ndi thovu, akumuyang'ana. Anayang'ananso nkhalamba ija, kukamwa kuli yasa, ikudikira. Panja nkhuku inalira, madzi akudontha kuchokera ku malaya aja.

"Tikakolola, mayi," anatero.

Atacheukanso pakhomo panalibe munthu. Kuseri kwa nyumba kunayambanso kumveka kuchapa.

Chimanga akolola kanayi kuchokera tsiku limenelo. A Dickson anadikira chaka chimodzi n'kukwatira mayi wina wa kwawo komweko. Nkhalamba ija ikadali moyo, ikudya bwino, ndipo Keziya akadali pamudzi pomwepo.